Malire a Tauni ya Pinder

Pinder, Mississippi
14 Epulo 1973

Okondedwa achimwene Thurman,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Gary, ndipo alamu anga a Earline ndi ana ali bwino. Kuno tilipo. Amuna anga a Hosea chifuwa chija chawaleka. Mvula ndiye yanyanya, msewu wathu wasanduka phala.

Pamaliro a mayi munandifunsa kawiri kuti zinayenda bwanji, ine ndinangoti ndi moto. Sindinafune kuyankhula anthu ali pomwepo. Lero ndikuuzani.

Moto unayamba dzuwa lisanalowe, pa chitofu cha palafini chija. Nditaona utsi ndinathamanga, a Hosea n'kukhotera ku sitolo ya a Gandy kukaimba foni ku tauni ya Vardell, tsidya la mlatho. Wina asakunamizeni kuti ozimitsa moto sanabwere. Anabwera, achimwene. Galimoto yofiira inawoloka mlatho n'kukaima pa fakitale ya thonje ya a Pruett, meya wa Vardell, pafupi moti mayi ankamva ngakhale kutsokomola kwa mlonda ali kukhitchini kwawo. Anatulutsa mapaipi n'kuyamba kunyowetsa mabelo a thonje kuti zithethe zisagwerepo.

A Hosea anagwira mkulu wawo pamkono. "Bwana, m'nyumbamo muli munthu."

"Kuno si ku Vardell," anatero mzunguyo. "Lamulo silitilola kugwira ntchito kunja kwa malire."

"Nanga thonjeli lili mu Vardell?"

"Thonje ndi la a meya. Chotsa dzanja lako."

Mayi ndinawatulutsa ine, pawindo. Khungu la m'mikono mwawo linatsalira m'manja mwanga. Zakuchipatala mukuzidziwa.

Tsono mverani. Kuno kukuyenda loya wina wa ku Jackson. Iye akuti anthu ovota akasaina ambiri, jaji n'kuvomera, Pinder akhoza kukhala tauni payekha, ya meya wake, khonsolo yake ndi malire ake. Ndinamufunsa kuti malirewo amajambula ndani. Anati eni ake. Chifikireni pa dziko sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Fakitale ija a Pruett anaimanga tsidya lathu lino pothawa msonkho wa tauni yawo yomwe. Nawonso masitolo a mumsewu waukulu ndi chimodzimodzi. Ndikufuna zonsezo zigwere m'kati mwa malire athu. Tumizani kangachepe ka loya.

Mchemwali wanu,
Ozella


Gary, Indiana
6 Meyi 1973

Wokondedwa chemwali,

Moni kwa iwe ndi alamu. Ife tili bwino, kungoti kufakitale ya zitsulo atiwonjezera maola, ndikafika kunyumba malovu amatuluka akuda.

Kalata yako ndinaiwerenga ndili ndekha m'galimoto. Earline sindinamuonetse. Mayi analinso anga.

Koma Ozella, ndine wamkulu wako, undimvere. Iwe ndiwe wophika ku sukulu. A Pruett jaji amadya nawo pa tebulo limodzi. Alamu amagwira ntchito pa fakitale yawo yomweyo. Ukuganiza kuti zikatha bwanji? Bambo anangofuna kulembetsa kuvota, ukukumbukira kuti thonje lawo chaka chimenecho palibe anagula. Komanso tauni imadya msonkho. Anthu a ku Pinder amene amagula mchere pa supuni ndi amene uwakhometse msonkho?

Ndaikamo madola makumi awiri. Si a loya ayi. Ndi poyambira pa basi. Kuno m'chipinda chapansi muli malo, madzi ndi a pampopi, otentha ndi ozizira, ndipo ukaimba foni ozimitsa moto safunsa kuti ndiwe yani. Ntchito ya alamu ndaipeza kale pakamwa. Bwerani dzinja lisanayambe. Kumeneko kwatsala manda okha.

Mchimwene wako,
Thurman


Pinder
23 Sepitembala 1973

Achimwene,

Moni nonse. Ndachedwa kuyankha dala. Ndalama yanu ya basi inakwera basi ndithu, inapita ku Jackson kwa loya.

Mwati kuno kwatsala manda okha. Ndayenda khomo ndi khomo chilimwe chonsechi, ndipo ndapeza anthu amoyo. Aliyense ndimamuuza chimene chimamuwawa. Kwa a Viney Coles, amene adzukulu awo sathera kutsegula m'mimba chifukwa chitsime chinayandikana ndi chimbudzi, ndimati boma lalikulu limapereka ndalama za mapaipi kwa tauni, osati kwa mulu wa nyumba zopanda dzina. Kwa amene basi ya sukulu imawasiyira ana kumlatho nthawi ya matope ndimati phula. Kwa anyamata amene apolisi a ku Vardell amawagwira Lachisanu lililonse akalandira, ndimati tidzakhala ndi wapolisi wathu amene amayi ake timawadziwa. Kwa onse ndimati dzala la Vardell silidzabweranso kuseri kwa tchalitchi chathu, chifukwa chololeza ndi choletsa tidzakhala ife. Zonsezi ndi zoona, sindinanamize munthu.

Koma inu ndinu wa mimba imodzi, ndikuuzani changa. Ndikufuna tsiku limene a Pruett adzaime pakhomo la ofesi yathu, chipewa chili m'manja, kudzapempha chiphaso cha fakitale yawo. Ndidzawauza kuti adikire panja. Galimoto yathu yozimitsa moto tidzaigula ndi msonkho wa thonje lawo, ndipo ndidzailemba dzina la mayi m'mbali monse muwiri.

A Hosea anawachotsa ntchito mu Julayi. Munalosera bwino, sangalalani. Pano akuwedza milamba n'kumagulitsa mumsewu.

A Pruett atanunkhiza kuti mayina akuchuluka anatumiza uthenga kudzera mwa mnzanu wa paubwana, dikoni Lemuel Gandy, woti tisiye zimenezi ndipo Vardell atipatsa mipopi itatu. Tinakumana ku tchalitchi.

"Abale, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero a Gandy. "Tauni yathuyathuyo tidzaidyetsa chiyani? Mbatata?"

A Viney anati, "Ine ndingofuna madzi, kaya abwera ndi Satana."

"Abweradi ndi Satana, mayi," ndinatero ine, "ndipo mpopi woyamba ukakhala pakhonde la a dikoni."

Anthu anaseka mpaka abusa anagogoda tebulo. A Gandy anatuluka osadikira pemphero.

Chinthu chimodzi musaiwale. Munda umene mayi anakusiyirani, pamene panali nyumba yawo, tidzaufuna. Popanda mundawo palibe tauni. Ndidzakufotokozerani bwino zikapsa.

Ozella


Gary
9 Febuluwale 1974

Wokondedwa chemwali,

Moni. Khirisimasi inadutsa osamva kanthu kwa iwe, ngakhale khadi. Ana anafunsa za chikondamoyo cha azakhali awo. Ndikudziwa unakwiya ndi za basi zija. Lero ndikulembera nkhani imene ikusangalatse.

Lemuel Gandy anali kuno dzulo. Anafika atazizidwa ngati nkhuku yonyowa, jekete lake la ku Mississippi silinathandize. Anandiuza kuti munagwirizananso, kuti iye anaona kulakwa kwake, ndipo tsopano ali mu komiti yanu. Anati komiti ikufuna munda wanga kuti tauni ikabadwa mudzamangepo kachipatala, ndipo pepala liyambe lakhala m'dzina lake chifukwa tauni ilibe dzina kwa jaji. Ndinakumbukira mawu ako oti mundawo mudzaufuna, popanda iwo palibe tauni.

Ndinasaina, Ozella. Mtengo sindinalimbane nawo. Kachipatala pamalo pamene mayi anapsera, ndinaona kuti n'chinthu chabwino. Lemuel anati mudzatcha dzina lawo. Tinakhala mpaka madzulo kukumbutsana za kale, zoba mavwende kwa a Pruett akuluakulu aja, ndipo ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.

Tsono usamanenenso kuti mchimwene wako saponyapo dzanja. Yankha msanga.

Thurman


Pinder
11 Febuluwale 1974

Achimwene,

Moni. Ndikulemba mothamanga, wa positi ali pafupi. Akazi a Gandy pakamwa pawo sipasunga, anena kosoka kuti amuna awo akwera basi ya kumpoto. Ngati afika kwa inu, apatseni khofi koma musagwire cholembera. Lamulo limati tauni ikhale chigawo chimodzi chosadukiza. Pakati pa nyumba zathu ndi msewu waukulu pali dambo la boma uku, Vardell uku, ndipo chotilumikiza ndi munda wanu wokha. Sitifuna kuti muugulitse kapena kuupereka kwa wina aliyense, ngakhale kwa ine. Ungokhala wanu basi. Jaji watipatsa tsiku mu Juni.

Ozella


Pinder
24 Febuluwale 1974

Thurman,

Makalata athu anapambana panjira. Yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa positi, ndipo sindikudziwa kuti kunyumba ndinafika bwanji.

Gandy anatsika basi Lolemba. Lachitatu munda unali kale m'dzina la a Pruett. Lachisanu khonsolo ya Vardell inavomera pempho la mwini malo kuti mundawo, fakitale ndi masitolo onse a mumsewu zilowe m'tauni yawo. Munthu amene anathawa msonkho zaka zonsezi wasankha kulipira kwa azungu anzake kusiyana n'kuti aime pakhomo panga. Loya wati palibe chimene tingachite. Dzanja ndi lanu, ndipo panali mboni.

Dzulo anabweretsa katapila. Maziko a nyumba ya mayi asalaza, mkuyu uja azula. Akuti poimika ngolo za thonje.

Munakhala ndi Gandy tsiku lathunthu kuseka za mavwende. Foni ili m'nyumba mwanu. Mukanaimba kwa abusa, akanandiitana. Munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa mpingo akubwera kudzati Ozella wandituma, inu osadabwa ngakhale pang'ono? Ayi, simunapusitsidwe. Munafuna kuti zithe. Kuyambira tsiku loyamba mumafuna zigwe kuti ndibwere ndidzakhale m'chipinda chanu chapansi ngati katundu.

Mzungu uja anati kuno si ku Vardell, ndipo sanandinamize, sanali mbale wanga. Inu munayamwa bere lomwe ndinayamwa ine.

Musanditumizire ndalama ya mundawo. Ikafika ndiiponya m'chitofu.

Ozella Mabry


Gary
3 Malichi 1974

Chemwali wanga,

Ndalemba n'kung'amba kangapo. Mulungu ndi mboni, sindinadziwe. N'zoona ndinkafuna ubwere kuno, koma osati mwa njira imeneyi. Earline anandiuza kuti ndiyambe ndaimba foni. Ndinati ayi, ndikufuna Ozella adzidzimuke ndi chimwemwe kamodzi m'moyo wake chifukwa cha ine. Unakhala miyezi isanu osandilembera, ndikanadziwa bwanji za malire osadukiza? Unangoti mundawo tidzaufuna.

Ndalembera a Pruett kuti ndiwabwezere ndalama yawo. Sanayankhe. Uza loya kuti ndili wokonzeka kubwera kudzalumbira pamaso pa jaji kuti ndinanamizidwa.

Pepa, Ozella. Chibale ndi fupa, sichiola. Tatsala awiri.

Thurman


Pinder
19 Okutobala 1975

Kwa a Thurman Lockett,

Makalata anu onse anafika. A Hosea ndi amene amawatsegula, ine ayi. Ino ndalemba kuti mumve kwa ine, musamve za m'maluwa.

Pinder ndi tauni. Jaji anatizengereza chaka ndi miyezi, koma anasaina. Ndi katauni kopanda fakitale, kopanda msewu waukulu, kopanda sitolo ngakhale imodzi. Ofesi yathu ndi kalavani yakale imene inali ya ogulitsa nsomba, ndipo fungo silinathe. Anthu anandisankha kukhala meya. Ndimaphikabe ku sukulu m'mawa. Ngalande za mapaipi ayamba kukumba. Galimoto yozimitsa moto tilibe, tili ndi thanki pa ngolo ndi amuna asanu ndi mmodzi odziwa kuthamanga.

Mnzanu Gandy ankayembekeza kuti Vardell imulowetsa pamodzi ndi sitolo yake. Malire awo anakhota asanafike pakhonde pake. Atabwera kwa ine kudzapempha, ndinamuonetsa mapu. Malire athunso amafika pa mpanda wake, n'kuuzungulira bwinobwino, n'kupitirira. Paipi yathu idzadutsa pafupi moti adzamva madzi akuyenda. Iye azimwa a pachitsime mpaka Yesu adzabwere.

Tsopano yanu. Manda athu aja analibe mwini pa pepala, ndiye tauni yawatenga kuti iziwasamala. Lamulo loyamba limene khonsolo inakhazikitsa ndi lakuti m'mandamo muzigona okhala mu Pinder, kapena amene ali ndi malo mu Pinder. Makhansala ankaganiza kuti tikutchingira anthu a ku Vardell amene amafuna manda aulere. Ndinawasiya aganize choncho.

Inu simukhala kuno, ndipo malo mulibe. Pafupi ndi mayi pamene munaloza tsiku la maliro kuti padzakhale panu, muiwalepo. Funsani a Pruett ngati angakupatseni kangodya pakati pa ngolo zawo.

Munati chibale sichiola. Mlandu nawonso suola.

O. Mabry, Meya


Gary
2 Novembala 1978

Alamu anga a Ozella,

Ndine Earline. Sindinakulembereniponso, ndipo sindikanalemba pakanakhala njira ina. Ndaimba foni ku ofesi yanu katatu. Mtsikana woyankha akuti a meya atuluka, koma ine ndimamva mawu anu kumbuyo.

Achimwene anu anamwalira Lachiwiri m'mawa. Ndi mapapo. Anasiya ntchito chaka chatha, ndipo kuyambira Ogasiti amagona chokhala pampando chifukwa akagona chagada mpweya umathawa. Anandiletsa kukuuzani. Anati mudzaganiza kuti akupempha chifundo.

Sindikuuzani kuti anali osalakwa. Ndinawauza ndekha tsiku lija kuti imbani foni, sanamve. Anali munthu wofuna kuoneka wamkulu pamaso pa mlongo wake, ndipo analipira. Kalata yanu ya manda ija anaiwerenga kamodzi, sanaitchulenso, koma kuyambira pamenepo anasiya kuimba mu kwaya. Mlungu watha anandifunsa ngati madzi anafika ku Pinder. Ndinati sindikudziwa. Anati, "Afika. Ameneyo akaluma sataya."

Anapempha chinthu chimodzi, kuti akagone kwawo. Ine kwathu ndi kuno, ndikanakonda manda oti ndizikwera basi imodzi kukawaona. Koma ndinalonjeza.

Thupi lili kwa osunga maliro, ndipo sangalisunge mpaka kalekale. Musadabwe, ndalemberanso abusa anu ndi makhansala onse, aliyense kalata yake. Ngati mukana, mukane pamaso pa anthu, ndipo ana awo adziwe kuti anakana ndi ndani.

Earline Lockett


Pinder
8 Novembala 1978

Alamu,

Moni, ndipo pepani ndi zimene zakugwerani. Ana muwauze kuti azakhali awo alandira uthenga. A Hosea akuimbirani kale foni, koma ndifuna mumve kwa ine mmene zinayendera, kuti pasadzakhale wonena kuti Ozella anafewa.

Khonsolo inakumana dzulo. Mu kalavani simunakwane anthu, tinasamukira ku tchalitchi. Ndinawerenga lamulo mokweza, ndipo ndinati lamulo ndi lamulo, silisintha chifukwa womwalirayo ndi mbale wa meya.

A Viney Coles, amene tsopano ndi khansala, anati, "Mwana iwe, lamuloli tinalikwezera manja tikuganiza za ku Vardell. Ukutiuza kuti unkasoka chovala cha mchimwene wako ife tikukugwirira nsalu?"

Ndinati inde.

"Ndiye unatigwiritsa ntchito ngati mmene Pruett anagwiritsira Gandy."

Ndinawakumbutsa za fakitale, za msewu, za misonkho yonse imene ikanakhala yathu. Ndinawafunsa kuti ndani anayenda m'matope khomo ndi khomo, ndani anabweretsa madzi amene anasamba m'mawa uja. Palibe anatsutsa. Kenako anaimirira a Hosea, amuna anga, amene chikwatiraneni sananditsutsepo pagulu.

"Amayi, tauniyi munabereka ndinu, palibe angakane," anatero. "Koma pamene munkatisainitsa munati idzakhala yathu. Simunati idzakhala ndodo yanu."

Anavota kuti aliyense wobadwira ku Pinder ali ndi malo m'manda a Pinder. Manja asanu, onse m'mwamba. La meya siliwerengedwa, ntchito yake ndi kusaina. Ndinakhala ndi cholembera nthawi yaitali, anthu akundiyang'ana. Ndinasaina. Ndinamenyera zaka zonsezi kuti mawu a khonsolo ya Pinder akhale lamulo, sindingakhale woyamba kuwapondereza. A Hosea sindinawaphikire dzulo, ndipo za lero sindinaganize.

Bwerani nawo. Sitima ikafika ku Greenwood mudzapeza galimoto ikudikira. Inu ndi ana mudzagona kwathu, musakafune malo kwina, anthu angatiseke. Nkhuku ndi mpiru ndikonza ine. Koma musandipemphe kuyankhula m'tchalitchi, chifukwa ndikatsegula pakamwa ndidzanena zoona.

Sindinawakhululukire. Ndinayesa usiku wathawu, ndinagwada, sizinabwere. Chimene chinabwera ndi nkhope yawo ali mnyamata, atandibereka kumsana powoloka dambo kuti nsapato zanga za Pasaka zisade. Ndinalira, kenako ndinakwiyanso.

Khonsolo inanena kuti agone m'manda athu, koma sinanene kuti pati. Poloza malo ndi ntchito ya meya, ndipo m'mawa uno ndapita ndi okumba. Agona mzere umodzi ndi mayi, koma osati pambali pawo. Pakati ndasiya malo a munthu mmodzi, ndipo ndakhomapo chikhomo cha dzina langa. Ngati ali ndi mawu oti akawauze mayi, adikire ndifike. Adzayamba kudutsa kwa ine.

Mlamu wanu,
Ozella